Juzi ya m'dengu la galu

Kwathu ku Ntcheu galu amagona panja, ndipo palibe amene amamupepesa. Ndiye nditayamba ntchito yam'nyumba kunja kuno, kwa amadamu ena okalamba ku Milnerton, n'kupeza kagalu kali ndi dengu lakelake pafupi ndi bedi lawo, ndinangoseka chamumtima. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, m'nyumbamo anatsala awiriwiri ndi kagaluko.

M'dengumo munali juzi yakale, yobooka m'zigongono, ubweya wa galu wokhawokha. Fungo lake, mayi wanga ine! Kawiri konse ndinafuna kuichapa, amadamu n'kungoti ndiisiye. Chifukwa chake sananene, inenso sindinafunse. Ndinkangoti ndi zachizungu.

Mwezi wa Juni amadamu anagwa kubafa n'kuthyoka chiuno. Akupita kuchipatala anandipempha kuti ndisiye kaye kubwerera komwe ndinkakhala ku Delft madzulo, ndizigona konko chifukwa cha galu. Ndinavomera. Tsiku lomwelo, nditatsala ndekha, ndinati lero ndi lero. Ndinanyika juzi ija m'madzi a sopo, kuitikita mpaka madzi kuyera, kuiumitsa m'makina, n'kuipinda bwinobwino m'dengu muja. Ndinadziona ngati wantchito weniweni.

Usiku kagalu kananunkhiza dengu n'kubwerera chafutambuyo. Kenaka kanayamba kulira. Osati kuuwa ayi, koma kulira kokoka kuja, mutu uli m'mwamba. Kwathu galu akalira choncho timati kukubwera maliro, ndipo masiku amenewo mayi anga anali gone kumudzi. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinati kanyama aka kakulosera mayi anga? Ndinakakalipira m'Chichewa, m'Chingerezi, mpaka m'Chixhosa changa chotolera m'matekisi, koma osasiya. Usiku wachiwiri ndinakamenya ndi patapata. Wachitatu ndinakatsekera m'galaja, pasimenti, mvula ikugwa ndi mphepo yozizira yakuno ija. Ndinafunda bulangeti kumutu n'kugona tulo tabwino zedi, ndipo tulo timeneto timandichititsa manyazi mpaka lero.

Amadamu ankaimba foni m'mawa uliwonse, funso lake limodzi lomwelo, kuti galu wagona bwanji. Ine n'kumayankha kuti wagona ngati khanda. Pomwe kagaluko kanali katasiya kudya ndipo kanayamba kutsokomola. Ndinakaphikira nkhuku, iko kungoyang'ana kumbali. Apo m'pamene mantha anandigwira. Kakanafa, ndikanawauza chiyani amayi amene anandisiyira makiyi a nyumba yawo ndi chinthu chimodzi chokha chimene anatsala nacho? Ndinakabwezera kuchipinda, koma m'dengu kanakaniratu kulowa. Kankagona pansi pafupi ndi chitseko n'kumalira chapansipansi.

Mayi anga anachira, mpaka pano akulima. Maliro amene ndinkaopa aja sanabwere.

Patatha masabata atatu amadamu anatuluka m'chipatala, akuyendera ndodo. Kagalu kanawathamangira, iwo n'kukasisita, dzanja likudutsa panthiti zoonekera zija. Atakhala pabedi anandipempha kuti ndiwapatsire juzi ya m'dengu. Ndinawapatsa ndi manja awiri, ndikudikira kuyamikiridwa. Anaiika kumaso n'kukoka mpweya. Anaitembenuza kunja kukhala mkati, n'kununkhizanso cha m'khosi, nthawi yaitali.

"Mwaichapa," anatero.

"Inada kwambiri, amadamu."

"Inali ya amuna anga. Ndi imene anavala tsiku lomaliza. Galu amagonera fungo lawo. Inenso tulo tikakana ndimamubwereka juziyo."

Ndinalakalaka akanandikalipira, kapena kundichotsa ntchito kumene. Koma anangondithokoza chifukwa chosamalira galu wawo masiku onsewo, ine n'kuyankha kuti zikomo, maso ali pansi. Za patapata ndi za m'galaja sindinawauze, ndipo sindinauzepo munthu mpaka lero lino. Anandibwezera juzi ija kuti ndikaiike m'kabati pamodzi ndi zovala zina.

Ndinapitiriza kugona konko sabata ina, poti sankatha kudzuka okha. Usiku woyambawo ndinamvanso kulira kuchipinda kwawo, ndipo ndinadzuka kuti ndikatenge galu asawasokoneze. Nditafika pachitseko ndinaima. Galu anali chete.