M'dzenje la Ocheka Matabwa

Utuchi wa paini umanunkhira ngati mankhwala a chifuwa, koma ukalowa m'maso umawawa ngati tsabola. Ndinaudziwa chaka chimene amayi anagonekedwa m'chipatala ali ndi pakati, miyendo itatupa. Ana sitinkaloledwa kulowa m'wodi. Azakhali ndiwo ankawadikirira, ndiye kwathu ku Chikanda kunalibe wondiyang'anira, sukulu titatsekera. Ababa anangoti, "Vala juzi, tiye kuphiri."

Ababa anali ocheka matabwa pamwamba pa phiri la Zomba. Ankagwira ndi Che Amidu, Msilamu wamfupi wosatha nthabwala. Tinkakwera m'mamawa, mphepo ya Julayi ikuluma makutu, nkhungu itaphimba tauni yonse kumunsi. Ntchito yake inkayenda chonchi: chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje, n'kuchilemba mzere ndi chingwe chonyika m'makala osinja. Wina amaima pamwamba, wina amalowa m'dzenje, aliyense atagwira mbali yake ya macheka aatali kuposa ine. Ababa ankakhala pamwamba. Ine ntchito yanga inali kutunga madzi pamtsinje, kuotcha mbatata ndi kupirikitsa anyani, omwe ankandiderera poyera. Tsiku lina nyani wamkulu anandilanda mbatata ili yotentha, napsa, naiponya, n'kundiyang'ana ngati wolakwa ndine. Che Amidu anaseka mpaka anakhala pansi. Masana iwo ankasamba miyendo n'kuswali pa thabwa latsopano, ababa n'kumang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo onga chitseko chadzimbiri.

Ndinkasangalala, koma madzulo potsika mantha ankandipeza. Kenaka azakhali anabwera ndi uthenga woti amayi adzawachita opareshoni mkuja. Mawu amenewo kwa ine ankatanthauza maliro. M'mawa mwake kuphiri ndinabisala kuseri kwa mtengo, ndinagwada, ndinapemphera mmene anatiphunzitsira ku Sande sukulu, n'kudikira yankho. Ndinangomva mphepo m'mapaini. Ndinabwerera kudzenje nditakwiya.

"Ababa, Mulunguyo ali kuti? Ndikumuitana, sakuyankha."

Ababa sanali munthu wolankhulalankhula. Anauza Che Amidu kuti atuluke, nanditsitsira m'dzenje, nandiimika pa chitsa kuti ndifikire chogwirira. Nditangokoka kamodzi, utuchi unandikhuthukira kumaso. Ndinatsinzina.

"Sindikuona mzere!"

"Mzere ndikuuona ine. Iwe koka."

Ndinakoka. Macheka anatsika, kenaka anakwera okha, manja anga n'kutsatira. Ndinakokanso, anakweranso.

"Ukundiona?"

"Ayi."

"Ndiye kuti ndachoka?"

Ababa sindinkawaona, komanso atasiya kulankhula sindinkawamva, koma m'manja mwangamu ndinkadziwa kuti pamwamba pali munthu wamphamvu kuposa ine amene wagwira mbali inayo. Tinacheka mpaka mapewa anga anayaka moto. Nditatuluka, woyera mbee ngati ndagwera m'thumba la ufa, Che Amidu anati, "Achimwene, ulaliki umenewu ngakhale kumzikiti kwathu tikhoza kuulandira. Koma mlalikiyo asaimbe."

Tsiku la opareshoni sitinakwere phiri. Tinakhala pansi pa mtengo panja pa chipatala, ine, ababa ndi Che Amidu, amene anasiya zonse n'kubwera ndi nthochi. Mantha ndinali nawobe, sindinama, koma sanali ngati a dzulo lake. Dzuwa litapendeka azakhali anatulukira akuthamanga, chitenje chili m'manja, akululutira mpaka namwino anawakalipira. Amayi anali moyo. Mchemwali wanga anali atabadwa, wamng'ono ngati botolo, wa mawu aakulu kuposa ababa.

Masiku ano kuphiri kumalira makina, munthu amacheka yekha, ndipo maenje aja anamera udzu. Ababa ndi Che Amidu onse anatsogola. Ine ndakula, ndaona mavuto ena, ndipo si onse anatha ndi nthungululu. Mawu ochokera kumwamba sindinawamvepo mpaka lero. Koma zikandithina ndimapemphera mwachidule, n'kudzuka kukagwira chimene chili mbali yanga, ngakhale ndisakuona kumene chikupita. Mbali inayo sinayambe yandigwerapo.