Mayi Amene Anaveka Kazembe Nyerere

Mayi okalamba oyandikana nafe nyumba amakhala pansi pa mtengo wa kokonati tsiku lonse, akutunga mikanda ya maluwa uku akukangana ndi wailesi. Nduna ikatalikitsa zolankhula amangoti, “Ameneyo ndikanamuveka wa nyerere.”

Pa utsikana wawo, dziko litangolandira ufulu, ankatungira Pulezidenti mikanda yoveka alendo. Chaka china kunabwera kazembe wa dziko lalikulu kudzapempha kachilumba komwe timawedzako nsomba, kuti azikochezapo sitima zankhondo. Pulezidenti anawanong'oneza kuti, “Mwana wanga, kumukanira pamaso sindingathe. Koma munthuyu asakhalitse.”

Mayiwo anakathyola maluwa mu mtengo wa kuseri kwa khitchini, umene nyerere zofiira zimaukonda. Kwathu kuno mlendo savula mkanda pamaso pa amene wamuveka, ndipo kazembeyo anali atauzidwa kale zimenezi. Anamwetulira, kudzikanda m'khosi, kumwetuliranso. Asanafike n'komwe pa pempho lake, anakumbukira kuti ndege ikumudikira.

Ndikawafunsa ngati zinachitikadi choncho, amaloza ndi singano nsomba zimene ndanyamula.

“Nanga zimenezo wakazigwira kuti, iwe?”