Tsiku limene mlamu wanga anandikhomera m'nyumba

Izi si zongomva kwa anthu ayi, zinandichitikira ineyo, ndipo amayi amene tinkakhala nawo pa lendi ku Ndirande akhoza kundivomereza.

Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, ine ndili ndi pathupi poyamba, amuna anga akugwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. Tinkakhala ndi mng'ono wawo, mnyamata wofatsa amene anali atangomaliza sekondale. Zinayamba pang'onopang'ono, kusiya kusamba, kuseka yekha, kenako kumati wailesi ikunena za iye ndipo aliyense wovala nsalu ya chipani watumidwa kuti azimulonda. Ife tinkangoti ndale zamulowa m'mutu, nanga si masiku amenewo aliyense ankalankhula zomwezo? Ena ankati chamba.

Tsiku lina masana ndikusita, mlamu wangayo analowa n'kukhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba, m'manja muli mpeni wosendera mbatata. Sanakalipe ayi. Anandiuza mwaulemu, akunditchula kuti alamu monga mwa masiku onse, kuti mawu amuuza kuti m'mimba mwangamo mulibe mwana koma wailesi yomumvetsera iye, ndiye akufuna aichotse, sindimva kuwawa. Mukanakhala inu mukanatani? Kukuwa ndinkaopa kuti ndimudzidzimutsa. Ndinangoti ndamva, koma ntchito yaikulu chonchi imafunika achimwene ake alipo. Anavomera, n'kukhala pampando kudikira, maso ali pamimba panga.

Mwayi wake, amayi aja a nyumba yoyandikana, Alomwe anzanga, anabwera pawindo kudzabwereka simbi. Ndinawayankha m'Chilomwe, chimene mlamu wanga sankamva, kuti aitane azibambo msanga. Atathyola chitseko iye sanalimbane nawo, ankangolira kufunsa chifukwa chake enafe sitikuwamva mawuwo.

Atapita naye kuchipatala ku Zomba, m'pamene apongozi anga aakazi anaulula kuti amuna awo sanafe ndi malungo monga tinkauzidwira, anadwala chimodzimodzi n'kusowa, ndipo mchemwali wa malemuwo nayenso ankalankhula yekha. Abale anga atamva anati ndichoke pabanjapo, ena mpaka kunong'ona zochotsa mimba.

Kusikelo ndinachonderera adokotala kuti andiunike, aone ngati mwanayo watengera. Anandiuza kuti makina amaona mutu, miyendo ndi mtima, koma matenda awa saoneka, ngakhale kumayiko kumene amayeza mwana asanakhazikike m'chiberekero sangalonjeze kanthu. Anati n'zoona amayenda m'magazi, koma ana ambiri a m'mabanja otere sadwala, ndipo ena amadwala kwawo kulibe aliyense anadwalapo. Ndinatuluka wokwiya, poti ndinkafuna inde kapena ayi.

Ndinakhalabe pabanjapo, ndipo ndinabereka mtsikana. Pano ndi mayi wa ana ake, ali bwinobwino, komabe ndisaname, akakhala chete nthawi yaitali ndimayamba kumuyang'anitsitsa. Mlamu wanga amamwa mankhwala ake, amasoka nsapato ku Bangwe, ndipo mwanayo amamukonda kwambiri.

Ine lero ndimakhulupirira kuti si ufiti, ndi matenda, ndipo palibe dokotala kapena sing'anga angakuuzeni mwana amene adzadwale. Koma makolo, musamabise zimene zili kumtundu kwanu. Apongozi akanalankhula msanga, mnyamata uja tikanapita naye kuchipatala atangoyamba kuseka yekha, asanagwire mpeni.