A Ambulansi ndi Masitepe a Tchalitchi

Okondedwa pa gulupu pano, sole uthengawu watalika, koma za a Ambulansi sizingakwane mu laini imodzi. Dzinali tinawapatsa ndife achinyamata mwachipongwe, iwo n'kumavomera.

Anali oyamba kubadwa mwa ana seveni. Bambo awo atamwalira anasiyira sukulu panjira n'kuyamba kusenza matumba a simenti pa shopu ya zomangira. Ntchito inakhala yomweyo mpaka imvi. Anakwatira mayi wa m'kwaya, Mulungu n'kuwapatsa mwana mmodzi wamkazi, amene anakwatiwa kutali.

Mayiwo ali ndi zaka 41, sitiroko inawapeza akuchapa. Mbali yonse ya kumanja inafa, kuyenda kunathera pomwepo. Tchalitchi chathu mukuchidziwa, masitepe leveni. Sande iliyonse a Ambulansi ankakankha wilitcheya kuchokera kunyumba, kuisiya pansi, n'kubereka akazi awo mpaka pa benchi yachiwiri. Tayi ili m'khosi, thukuta lili kamukamu.

Palibe chomwe sanayese. Fizo ya kuchipatala, kusala kudya, mafuta odzoza, misonkhano ya machiritso. Ena ankadzuka n'kutaya ndodo, iwo ankabwerako ataberekana momwe anapitira. Pa msonkhano wina mlaliki wachilendo atapemphera katatu zosatheka, ananena pa maiki kuti mayiwa chikhulupiriro chawo n'chochepa. Mayiwo anakhala masiku awiri osadya, akuti mwina n'zoona.

Lachitatu lake pophunzira Baibulo, a Ambulansi, munthu wosayankhulayankhula, anakweza mkono. Anakumbutsa za wakufa ziwalo uja anzake anamutsitsira padenga. Anati wodwalayo m'nkhani yonse sanatulutse mawu, Yesu anaona chikhulupiriro cha omunyamula.

"Ndiye ngati pali wopereweza, ndine, mayiwa asiyeni," anatero. "Komanso ujatu anamunyamula anthu folo. Ine ndili ndekha, dengalo ndiboola ndi ndani?"

Anthu anaseka, ankayesa ndi joki. Iwonso anangosekerera.

Anabereka choncho zaka 23, kenako msana unakana. Adokotala anawaletsa kunyamula ngakhale ndowa. A Ambulansi anapempha komiti ya mpingo kuti ikonze pokwerera wilitcheya, anayankhidwa kuti nkhaniyo ili pa ajenda. Achinyamata tinapanga rosta yothandiza, inagwira masabata awiri, kenako aliyense bize. A Ambulansi sanakalipire munthu. Awiriwo ankangokhala pansi pa masitepe, ambulera m'manja, kumvera ulaliki pa sipika ya pawindo. Nthawi ya mgonero ankadikira mkulu wa mpingo awakumbukire.

Za machiritso sanasiye kupempha, koma anawonjezera pemphero lina, ndipo ankalinena poyera: "Ambuye, ndisatsogole ine." Ankadziwa kuti mwana wawo ali ndi banja lake, ndipo mayiwo paokha sangatembenuke ngakhale pabedi.

Loweruka lapitali masana, atawasambitsa akazi awo n'kuwapesa tsitsi, anati apume kaye pampando. Mayiwo anawaitana kawiri kuti awapatse madzi. A Ambulansi anali atapita, manja ali pamiyendo, nkhope ngati ali m'tulo.

Pa tsiku la maliro bokosi linakwera masitepewo bwinobwino, amuna sikisi atalinyamula. Mayiwo anatsala pansi mpaka wina anakumbuka. Anyamata folo anawanyamula ndi wilitcheya yomwe, akupenekera uku ndi uku, wina akuti kwezani, wina akuti tsitsani. Pa sitepe ya seveni mayiwo anati aime.

"Bambo anu ankaima apa," anatero. "Ankati akundionetsa mmene kunja kwachera. Ine ndili kumsanako ndinkamva kuti mpweya wawathera. Sindinawauzepo."

Anyamatawo anaima, kuyang'ana. Pamenepo palibe choona, ndi mpanda wa njerwa ndi poimika magalimoto basi.

A Ambulansi ause mumtendere wa Ambuye amene anawakhulupirira osaona chozizwitsa. Mayi athu alipo, ndipo Sande mapemphero ayamba 8 koloko.