Fumbi Lobadwira M'mwamba

"Kompyuta siinama, iwe," anatero bwana wofufuza za mpweya, akugogoda tebulo.

"Ndiye kapepalaka ndi kamene kakunama, bwana?"

Amene anayankha chonchoyu anali mtsikana wosesa muofesimo. Anzake ankamutcha Namphuno chifukwa chilichonse ankayamba wachinunkhiza. Mayeso omaliza a sekondale analephera kawiri, ndipo bambo ake, amene ankapenta mipando, anamwalira ndi chifuwa. Kupatula tsache, ntchito yake inali kukwera padenga m'mawa uliwonse kukachotsa kapepala koyera m'makina okoka mpweya, kamene kankakola tifumbi timene anthu amapuma.

Bwanayo anali atauza kompyuta za utsi wa magalimoto, mafakitale ndi mphepo, kuti izilosera kuchuluka kwa tifumbito. Koma miyezi yonse kompyuta inkapeza theka lokha la zimene kapepala kankakola. Bwana anagamula kuti Namphuno amakagwira ndi manja alitsiro, ndipo mwezi ukatha asadzabwerenso.

Namphuno analira pamasitepe mpaka maso kufiira. Kenako anatenga kope lake lakale la masamu, nayamba kuyenda wapansi m'misewu yozungulira ofesiyo. Ankalemba fungo lililonse: penti, vanishi, guluu wa osoka nsapato, ola lake, ndi mmene dzuwa laombera. Akalipentala ankamuseka kuti kodi akufuna mwamuna wonunkhira bwanji. Iye ankangolemba.

Atayenda milungu itatu anaona chinthu. Kapepala kankada kwambiri masiku otentha amene akalipentala apaka vanishi, ngakhale utsi usaoneke ngakhale pang'ono.

Namphuno atamupatsa kopelo, bwana analitsegula akumwetulira monyoza, koma pofika tsamba lachitatu anasiya kumwetulira. Ankadziwa bwino kuti nthunzi ya zinthu zoterezi ikawombedwa ndi dzuwa imasandulika n'kuundana kukhala tifumbi tobadwira m'mwamba momwemo. Kungoti iye anawerenga mafakitale okhala ndi machumuni okha. Timashedi ta amisiri sanatiganizire, poti sanayendeko ndi mapazi ake.

Analowetsa za msewu wa akalipentala mukompyuta. Pagalasi la kompyutayo, mzere wa kulosera unakwera pang'onopang'ono, mpaka kutsala pang'ono kupsompsonana ndi mzere wa kapepala. Abale, kukongola kwake! Mtsikana wa tsache anali atanunkhiza zimene makina anaphonya.

Inu amene mwalephera mayeso, inu amene akukuuzani kuti manja anu ndi alitsiro, musafooke msanga. Chimene mukuchiona tsiku ndi tsiku mwina ndi chomwe ophunzira akuchisowa. Gwirani mtima, tengani kope lanu.

Bwana anavula magalasi, nafunsa Namphuno mwamanyazi kuti amupepese bwanji. Namphuno anatsamiritsa tsache kukhoma, nakoka mpando.

"Sunthani pang'ono, bwana. Ndikufuna mundiphunzitse kompyutayi, ndidziwe chimene bambo anga ankapuma."