Mtanda wa mlombwa umene sunafike kumanda

Amene anandilakwira pa maliro a bambo anga ndi Yotamu, msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo. Anakana mtanda umene ndinapanga ndi manja anga, nkuika wake.

Inali nthawi ya Chitaganya. Bambo anali telala pakhonde pa sitolo ya Mmwenye wina, pafupi ndi msika wa Lilongwe. Monga mwa mwambo wa kwathu, mtima wawo unali pa ana a mlongo wawo. Yotamu anamuphunzitsa mpaka anakhala kalaliki ku Boma, kutsidya kwa mlatho. Ine ndinalekeza Sitandade 2, nkumapala matabwa kwa kalipentala.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kusanache. Amayi a mpingo anali akuimbabe m'nyumba, mawu atasasa. Amuna anali atadzipinda mozungulira moto, chifukwa kunali chiperoni. Ndinapita kuseri kukamaliza mtanda wa mlombwa. Penti ndinalibe. Ndinangoupala mpaka unasalala, poti bambo ankadana ndi ntchito yokhakhala.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Matelala anzawo anatseka makina nkubwera onse, ndi Asilamu omwe, atavala zisoti zawo. Mwini sitolo anatumiza nsalu yoyera. Wapolisi wina anaima chapatali ndi njinga yake, poti masiku amenewo Boma silinkakonda chigulu cha anthu. Aliyense wofika ankafunsa kumene kuli mwini maliro, ndipo ankamulozera Yotamu. Ine ankangondigwira dzanja podutsa.

Yotamu anali atavala jekete ndi tayi. Anabwera ndi mtanda wopaka penti yoyera, dzina la bambo lolembedwa ndi mmisiri wa zikwangwani. Ataona wanga anauzunguza m'manja.

"Wayesetsa ndithu, Dafita. Koma kukubwera anthu a ku ofesi. Uike poteropo."

Mayi anga anandiyang'ana ali pamphasa, nkupukusa mutu pang'ono. Mtanda wanga ndinautsamiritsa pakhoma.

Tinanyamuka masana kukuwaza kamvula. Bokosi ndinaligwirako pang'ono chabe, wina nkundilandira. Kumanda abusa analalika za chikondi cha Mulungu. Anati kuno kwathu munthu amasamala ana a mlongo wake, ake enieni nkumangoyang'ana, koma Mulungu alibe ana a mlongo. Tonse ndife ana ake obala yekha, amatidziwa mayina, ndipo saona ngati wina wavala tayi kapena ali ndi utuchi m'mutu.

Mawu amenewo anandilowa, misozi nkutuluka koyamba chimwalirireni bambo. Ndinamva kuti pali Bambo amene sanandilambalale. Koma titayamba pemphero lotchula Mulungu kuti Atate wathu, ndinamva Yotamu akulinena mokweza pambali panga. Bambo ake omubala ali moyo ku Dedza, anga anawatenga, ndipo kwa Atate akumwamba nakonso ali pomwepo. Ndinalephera kumaliza pempherolo. Adzukulu atafotsera, iye anazika mtanda wake, anthu nkumanong'onezana kuti ndi wokongola.

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala phulusa ndi mafuwa. M'nyumba munali zii, makina a bambo ataphimbidwa ndi nsalu pakona. Yotamu anakhala pampando wawo akumasula nsapato. Mtanda wanga unali pakhoma pomwe paja, utanyowa.

"Thabwa labwino ili. Usalitaye, ungapangire azakhali kampando," anatero.

Ndinaunyamula nkuima patsogolo pake. Sindinakuwe.

"A Yotamu, Atate akumwamba tigawana, abusa anena, ndipo ndilibe chochita. Koma amene tawaika lero anabala ine. Sukulu munatenga, makina tengani, mpando ndi umenewo. Mawa m'mawa ndikukazika mtanda uwu kumutu kwawo, pambali pa wanuwo. Mukafuna kuuzula, mudzayambe mwavula tayiyo, poti tidzalimbana."