Nsambo Ziwiri Zimene Ndinadula

Maganizo opita ku Joni anandifikira tsiku limene ndinakhoma bokosi lamaliro labwino koposa onse amene ndinakhomapo, eni maliro n'kundilipira nkhuku. Sindikuwanena, anali amphawi anzanga. Koma nditaima pa shedi yathu ya ukalipentala pa Songani, nkhuku ikuphupha m'manja, ndinauona moyo wanga wonse mmene udzathere: kupala matabwa mpaka msana kupindika, malipiro ake nkhuku. Bambo anali atatisiya kale, mpunga wa kudambo chaka chimenecho unapita ndi madzi, ndipo nyumba ya amayi inkadontha paliponse. Nditawauza amayi, anati, "Pita Yona, koma Mulungu wako usakamusiye pa boda." Ndinaseka tsiku limenelo. Masiku ano ndikakumbukira mawuwo sindiseka.

Ku Domasi anthu ankandidziwa ndi zinthu ziwiri, matabwa ndi gitala. Gitala anandiphunzitsa ndi a Likaka, mkulu wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, munthu amene sanachedwepo ku mapemphero ndipo sanakhululukirepo wochedwa. Iwo ankadziwa kuti gitala ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi, besi ili ndi zinayi, monga mmene ankadziwira kuti malamulo a Mulungu ndi khumi. Ndinkawalemekeza, ndipo ndikanama ndikati ndinasiya.

Za ku Joni zimene anyamata amasimba pa Songani atavala majekete achikopa ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi kugona anthu ambiri m'kachipinda ka malata, kuzizira kolowa m'mafupa, ndi kutembenuka msanga ukaona galimoto ya polisi chifukwa masiku a m'pasipoti anatha kalekale. Ndinasesa mabwalo a anthu, ndinasambitsa agalu odya bwino kuposa ine. Tsiku lina ndikukonza chitseko kunyumba ya mzungu wina dzina lake Kobus, iye anaima n'kumayang'ana mmene ndinkagwirira thabwa. Ananditengera kuseri kwa nyumba, kumene kunali kanyumba kodzaza fumbi la matabwa, ndipo pakhoma panali magitala amene sindinawaonepo chibadwire.

Anali magitala a magetsi, koma makosi ake otambalala ngati thabwa la benchi. Ena anali ndi nsambo zisanu ndi ziwiri, ena zisanu ndi zitatu. Kobus ankapangira anthu oimba nyimbo zaphokoso zimene eni ake amazitcha metal. Anthu amenewa safuna kulira kwa gitala kumene timakudziwa ife. Amafuna mawu apansi, olemera, ogunda pachifuwa ngati waima pafupi ndi chigayo cha dizilo. Gitala wamba sifika kumeneko, ukamasula nsambo kuti itsike mawu imangolendewera ngati chingwe choyanikira zovala. Ndiye amatalikitsa khosi n'kuwonjezera nsambo imodzi kapena ziwiri pamwamba, yokulitsitsayo yonenepa ngati waya wa buleki ya njinga. Chinsinsi chake chonse n'chomwecho, palibenso china. Ndakhala ndikufotokoza zimenezi kambirimbiri, ndipo anthu amangogwedeza mutu mondimvera chisoni.

Ntchitoyo ndinaikonda, ndisabise. Kwa nthawi yoyamba munthu ankayang'ana chimene ndapala n'kuchisisita ngati mwana. Eni magitala ankabwera atavala zakuda, tsitsi mpaka m'chiuno, zigaza za anthu zitajambulidwa pa malaya. Poyamba ndinkawaopa. Kenako ndinadziwa kuti mmodzi amazula mano kuchipatala, wina amaphunzitsa ana a sukulu, ndipo wamtali woopsa nkhope uja sadya nyama chifukwa amamvera chisoni ng'ombe. Ndalama zinayamba kuoneka. Ndinatumiza za malata, nyumba ya amayi inafoleredwa. Ndinkatumizanso za feteleza ndi za sukulu ya ana a achemwali anga a Esnati, Takondwa ndi mng'ono wake Madalitso.

Koma kusungulumwa sikumva ndalama. Lamulungu ndinkakhala pa bedi n'kumabwereza mauthenga a mawu amene amayi ankajambulitsa pa foni ya achemwali. Ankanena za mbuzi, za mvula, za amene wamwalira, ndipo kumbuyo kwawo ndinkamva atambala a kwathu. Ndinkafunitsitsa kuti aone kuti mwana wawo sakusambitsanso agalu. Choncho nditamaliza gitala yanga yoyamba, yopanga ndekha ndi matabwa otsala, yakuda bii, ya nsambo zisanu ndi zitatu, ndinajambulitsa nditainyamula. Anyamata a zakuda aja anandizungulira, malilime kunja, zala ziwiri m'mwamba monga amachitira akasangalala. Chithunzicho ndinatumiza kumudzi ndi mtima woyera, ndipo chinayenda foni ndi foni kuyambira ku Mishoni mpaka pa Songani.

Dzinja lotsatira Takondwa anadwala malungo. Anamutengera kuchipatala mochedwa chifukwa mtsinje unali utadzaza, ndipo anamwalira. Kumaliro sindinapite. Munthu wopanda mapepala akatuluka sabwereranso, ndiye ndinalira ndekha m'kanyumba ka fumbi kaja n'kutumiza ndalama za bokosi, ine wokhoma mabokosi. Ndalamazo palibe anakazitenga. Mauthenga a amayi anasiya kubwera. Ndikaimba, foni inkangolira mpaka kuduka. Patapita nthawi kunabwera uthenga umodzi wa achemwali, mawu awo ouma ngati akulankhula ndi mlendo.

"Achimwene, gitala ya anthu imakhala ndi nsambo sikisi. A Likaka awerenga pachithunzi chanu chija, apeza eyiti. Ziwiri zinazo ndi za ndani? Imodzi taidziwa, takaisiya kumanda. Mutiuze inayo kuti tikonzeke."

Ndinaumvera uthengawo mpaka batire kutha. Ndinakwiya, ndinatukwana, kenako ndinajambula mayankho ataliatali ofotokoza za khosi ndi za mawu apansi. Palibe anayankha. Kwathu nkhani ya munthu wolemera ndi magazi a abale ake sifuna umboni wambiri. Pamafunika mnyamata amene anachoka ndi nsapato zong'ambika, malata atsopano, ndi maliro a mwana. Zonsezi zinalipo, ndipo ine ndinawonjezera ndekha chithunzi.

Ndinapirira chaka china ndikudziuza kuti zidzazizira. Kenako mnzanga wina wa ku shedi anandiuza pa foni kuti amayi atupa miyendo, akupuma movutika, ndipo akukana kupita kuchipatala. Ndinamuuza Kobus kuti ndikupita. Anandifunsa ngati ndidzabwere, ndinati sindikudziwa, ngakhale tonse tinkadziwa. Katundu wambiri ndinasiya, koma gitala ndinainyamula pamiyendo ulendo wonse. Nzeru zanga zinali zoti akaiona ndi maso, akaigwira, adzaona kuti ndi thabwa ndi waya basi. Ndinali ndidakali ndi maganizo a kalipentala, oti chinthu ukachionetsa mkati mwake mkangano umatha.

Minibasi inanditsitsa pa Songani dzuwa lili pamutu. Anthu amene ndinakulira nawo ankandipatsa moni manja ali m'thumba, maso ali pa chikwama chachitali chija. Nditafika pakhomo ndinaima. Nyumba ya amayi inali yofolera ndi udzu. Malata anga anawakanganula n'kukawaunjika kumalire a munda, ndipo anachita dzimbiri pomwepo, udzu utamera pakati pake. Chaka chathunthu malata ali panja, wakuba ngakhale mmodzi osawakhudza. Apo m'pamene ndinayamba kuchita mantha.

M'mawa mwake tinakhala pakhonde. Amayi anagona pamphasa atatsamira khoma, miyendo ngati mitondo, nkhope itachepa. Achemwali anakhala patali atamukumbatira Madalitso. A Likaka anabwera ndi Baibulo, ndipo anthu ena anaima kuseri kwa mpanda. Nditatsegula chikwama, ndinamva mapazi akubwerera m'mbuyo. Ndinafotokoza zonse, pang'onopang'ono, mwaulemu. Ndinaonetsa pamene ndinalumikiza matabwa, ndinatchula mtengo wake. Kenako ndinakhudza nsambo yaikulu ija. Gitala ya magetsi yopanda sipika ilibe mawu, inangoti ng'ung'ung'u ngati kachilombo kali m'botolo.

"Ndiye ngati ife sitikuimva," anatero a Likaka mofatsa, "amaimva ndani?"

"Imafuna magetsi, abambo. Tipite nayo kutchalitchi mukaimve."

"Kutchalitchi? Chimenechi?" Anatseka maso. "Ya magetsi tili nayo, Yona. Unkaimba ndiwe. Nsambo zake sikisi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma amayi anakweza dzanja. "Yona, tabwera kuno." Ndinagwada pafupi nawo. Anandigwira kumaso ndi manja awo otupa, ndipo anali oyamba kundikhudza chibwerereni.

"Ine sindikukuopa, mwana wanga. Unapita chifukwa cha denga langa, ndikudziwa. Nsambo ya Takondwa inatha, sitingaibweze. Inayo ndinapempha Mulungu kuti ikhale yanga. Ndikapita kuchipatala n'kukachira, igwera Madalitso. Ndiye musandivutitse, ndisiyeni ndipite ine."

Ulendo wonse ndinkaganiza kuti amayi akukana chipatala chifukwa chonyansidwa ndi ndalama zanga. Sindinadziwe kuti akudzipereka. Ndinalira pamaso pa anthu onse, ndinalumbira pa manda a bambo kuti sindinaphe munthu, kuti Takondwa anafa ndi malungo. Amayi ankangondisisita mutu n'kumati, "Basi, basi," ngati mmene ankachitira ndili mwana ndikakana kuti sindinabe shuga. Ndinaona kuti ndikhoza kulumbira mpaka dzuwa kulowa, iwo n'kumafabe pamphasapo.

"Nanga nditazidula?" Mawuwo anandituluka okha.

Amayi anayang'ana a Likaka. Iwo anaganiza kaye, kenako anati, "Ukadula ndi dzanja lako, pamaso pa anthu, ndiye kuti wavomera ndipo waleka. Pamenepo pangano latha."

Ndinamvetsa bwino lomwe chimene ankanena. Ndinayang'ana achemwali, amene mwina pansi pa mtima anali adakali ndi kachikaiko kakang'ono koti mlongo wawo sangachite zotere. Ndinayang'ana miyendo ya amayi. Ndinatulutsa chodulira waya m'chikwama. Nsambo yoyamba inaduka mosavuta. Yaikulu ija ndinachita kukanikiza ndi manja awiri, ndipo itaduka inakwapula n'kunding'amba kuseri kwa dzanja. Anthu ataona magazi anafuula. Achemwali anagwa pansi n'kuyamba kulira maliro a Takondwa kachiwiri, kulira kwa munthu amene tsopano wadziwa. Amayi anapumira m'mwamba. "Ndinakukhululukira kale," anatero. Kenako anatembenukira kumpanda. "Wina akaitane wa kabaza, ndipite kuchipatalako."

Kuchipatala cha ku Zomba anapeza kuti ndi mtima. Anawagoneka, anawachotsa madzi m'thupi, anawapatsa mapiritsi akumwa moyo wawo wonse. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono tikanabwerera ndi maliro. Kumudzi anthu anati mwaona, nsambo itangoduka mayi achira.

Pano ndinabwerera ku shedi ya pa Songani. Zitseko anthu amandipatsa, koma mabokosi amaliro ayi, amapita nawo kwa ena. Kutchalitchi anandilandira ndi nyimbo, ndipo a Likaka akamalangiza anyamata ofuna kupita ku Joni amaloza ine, monyadira ndithu, ngati nkhosa imene anaibweza okha. Anandipempha kuti ndiziimbanso m'kwaya, ndi gitala yomweyo, kuti anthu aziona. Ndimaimba. Khosi lake ndi lotambalala, pamwamba pali malo opanda kanthu, ndipo chala changa chimapitabe pamenepo chokha. Achemwali sanadyepo nane mbale imodzi chiyambire tsiku lija. Madalitso akandithamangira, amamuitana msanga kuti akatunge madzi.

Ndili ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene anthu amandidziwa. Ndinapeza kuti khomo linali lotsegula, koma lotsegulira munthu wina, wakupha wolapa, ndipo kuti ndilowe ndinayenera kuvala dzina lake. Nthawi zina ndimafuna kuwauza amayi zoona, tili awiri, kuti ndinadula waya chabe. Koma ndimawadziwa. Akangokhulupirira kuti sindinavomere ndi mtima wonse, adzati pangano likadalipo, ndipo mapiritsi adzawataya kuchimbudzi kuti apulumutse Madalitso.

Ndiye ndimakhala chete. Amayi ali moyo, chaka chino anapalira okha chimanga cha kuseri kwa nyumba. Amandikonda ndi chikondi chonse chimene mayi angapatse mwana amene anapha mdzukulu wake. M'mawa uliwonse ndisanapite ku shedi ndimawatengera madzi m'kapu, iwo amameza mapiritsi awo, kenako amagwira chipsera cha padzanja langa n'kuthokoza Mulungu kuti ndinaleka.